Anchito akungochoka pa shopu yanga, vuto ndi salale kapena ndi manejala?

Amai ena a kuno ku Chipata alemba motere: "Ndili ndi shopu ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda ku Down Shops, ndi ina yaing'ono ku Katete. Anchito onse pamodzi ndi 11. Manejala amene ndinaika nchito amaidziwa bwino, sanandibereko olo ngwee imodzi, koma chaka chino chokha anyamata anayi achoka ndipo otsalawo amangogwira ngati akukakamizidwa. Manejala akapita ku Lusaka kukaoda katundu foni yake siipuma, chilichonse amamufunsa. Salale ndinakweza mu Januwale koma palibe chasintha. Mwana wanga akuti manejalayo afunika kuphunzira coaching. Kodi zimenezi zimathandizadi kapena ndi zachizungu chabe?"

Amai, zikomo polemba. Mwana wanuyo sananame ayi, koma yankho lenileni mwalitchula kale nokha osadziwa, pamene mwati foni ya manejala siipuma akangochokapo. Ine za anyamata anayi ochoka aja sizinandidabwitse kwambiri, anthu amachoka pa zifukwa zambiri, wina wapeza malo ku koleji, wina wakwatira ku Lundazi, wina wangotopa basi. Koma anthu akuluakulu, ena a mabanja awo kale, kulephera kuganiza okha kuti mlimi amene wabweza botolo la mankhwala losatsegula timuthandize bwanji, mpaka aimbire munthu amene ali mu basi pa Luangwa Bridge uko netiweki ikuvuta, apo ndiye pali matenda. Anthuwo si mbuli. Anaphunzitsidwa pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, kuti pa shopu pano woganiza ndi mmodzi, enanu muzibweretsa manja okha, mutu muzisiya kunyumba. Manje munthu amene mutu amausiya kunyumba, mtima nawonso umatsalira komweko, ndiye mukadabwe bwanji akamagwira ngati akukankha ngolo yopanda mpweya?

Tisanapite patali tichotse kaye nkhani ya ndalama, chifukwa pali mabwana ena amakonda kumva za coaching poganiza kuti ndi njira yopezera nchito yambiri pa salale yochepa. Sizitheka. Ngati salale imabwera pa 10 m'malo mwa pa 30, ngati mumadula ya penshoni ya NAPSA ija ya 5 peresenti koma simupereka pamodzi ndi 5 yanu, ngati munthu wapita kuchipatala ndi kupeza kuti inshuwalansi yake ya zaumoyo ya NHIMA sinalipidwe, ngati palibe kontrakiti yolembedwa, palibe kukamba kokoma kumene kungagwire mtima wa munthu. Inu mwati munakweza salale, ndikukhulupirirani. Ndipo kuti palibe chinasintha sizachilendo. Katswiri Frederick Herzberg wa ku America anazikamba kale mu 1959, kuti zinthu ngati malipiro ndi malo ogwirira nchito zikakhala zoipa zimabweretsa madandaulo, koma mukazikonza mwangochotsa madandaulowo chabe, simunayatse moto mwa munthu. Moto umachokera kwina, pa kuona kuti ndikukula, andidalira, nchito yanga ikuoneka. Akatswiri ena amamutsutsa pena ndi pena Herzberg, ndipo kuno kwathu kumene salale ya munthu mmodzi imadyetsa anthu 8 ine sindinganene kuti ndalama siilimbikitsa, koma pa shopu yanu zimene anakambazo zikukwana ndendende.

Manje coaching ndi chiyani? Liwulo tonse timalidziwira ku mpira. Pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, pamene Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast pa mapenati 8 kwa 7, kochi wawo Hervé Renard sanamenye mpira olo kamodzi, anangoima kunja ndi shati yake yoyera ija. Nchito yake anali ataigwira kale mwa anyamatawo. Ndipo ambiri tikumbukira atanyamula Joseph Musonda m'manja, amene anavulala koyambirira kwa gemu, kupita naye kumene anzake anali kusangalala. Manejala wanu pakali pano ndi kochi amene amalowa m'bwalo, kulanda mpira kwa sitiraika wake, kumenya kona yekha ndi kuthamanga kukaidumphira yekha ndi mutu. Amatopa zoona, ndipo madzulo amadandaula kuti anyamatawa ndi aulesi.

Koma chitsanzo chimene ndimachikonda kuposa cha mpira ndi cha njinga, poti kuno ku Chipata palibe amene sanaphunzitsepo mwana kupalasa. Sumukhazika pansi ndi kumuwerengera malamulo a njinga. Sumukweza pa kaliya ndi kumazungulira naye Kapata yonse kuti aziona mmene iwe ukupalasira, akhoza kukwera chaka chathunthu osadziwa kanthu. Umamuika pa chishalo, iwe wagwira kaliya kumbuyo, ukuthamanga naye, kenaka umasiya osamuuza. Akagwa sumufunsa kuti ndiwe wopusa bwanji, umamufunsa kuti unali kuyang'ana kuti, iye yekha amati pansi, ndiye umati yesanso uyang'ane kutsogolo. Coaching ya pa nchito ndi yomweyo, kumupatsa munthu chiwongolero uli pafupi, kumufunsa mafunso oti aone yekha pamene walakwitsa, ndi kudziwa nthawi yosiya kaliya. Ndi yosiyana ndi kulamula, ndi yosiyananso ndi ma wekishopu aja a masiku awiri ku loji kumene anthu amapitira ma alawansi ndi nkhuku ya pa lanchi. Imachitika pa kauntala pomwepo, mu sitolo, pa mphindi 10 kapena 15, koma kawirikawiri.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine, chifukwa sindinabadwe ndikudziwa izi. Zaka zapitazo ndinali supavaiza pa depoti ina yogula soya ndi nshawa kwa alimi, chakumidzi ya ku Katete. Ndinali ndi kalaliki wa pa sikelo, mnyamata wa Grade 12, wochenjera bwino koma wofatsa. Tsiku lina analemba lisiti molakwika, anasinthanitsa manambala, ine pamaso pa alimi onse, azimai atakhala pa matumba awo, ndinakuwa kuti iwe sukulu unapitira chiyani? Anthu anaseka, ine ndinamva kukoma kuti ndaonetsa ubwana. Patapita masabata awiri thiraki yathu inakapimidwa ku sitolo yaikulu ndipo katundu anapezeka wochepa kuposa zimene zinali m'mabuku. Tinafufuza, tinapeza kuti sikelo yathu inali itasokonekera, thumba lililonse inali kuwonjezera pafupifupi makilo awiri, ndiye sabata yonse tinali kulipira alimi soya amene kulibe. Chimene chinandipweteka ndi ichi, mnyamata uja anaziona Lolemba. Anaona kuti matumba amene amawadziwa kuti ndi a 50 akuonetsa 52. Anakhala chete mpaka Lachisanu. Nditamufunsa kuti bwanji sunakambe, anayang'ana pansi nati, "Ndinaopa kuti muzati ndine ndaononga."

Abwana anga a nthawi imeneyo anali mdala wina wa imvi, wosakamba zambiri. Ndinalowa mu ofesi mwawo nditakonzeka kale kumuneneza mnyamatayo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa funso limodzi lokha, "Akanakuuza Lolemba lija, iwe ukanamuyankha kuti chiyani?" Basi anakhala chete, akusewera ndi bolopeni. Ndinayesa kuyankha, mawu osatuluka, chifukwa ndinadziwa kuti ndikanamukalipira ndithu. Sanandiuze kuti ndine wolakwa. Akanandiuza ndikanadziteteza, ndimadzidziwa. Anangondiika pa malo oti ndizione ndekha, ndipo mpaka lero funso limenelo limandibwerera ndikafuna kukweza mawu. Nthawi imeneyo liwu loti coaching sindinali kulidziwa, koma ndi imene anandichita mdala uja.

Zimene zinachitika pa sikelo yanga zinafufuzidwapo. Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard ku America, m'zaka za m'ma 1990, anali kuona magulu a anamwino ndi madokotala m'zipatala, akuyembekeza kuti magulu abwino adzakhala ndi zolakwa zochepa pa kaperekedwe ka mankhwala. Anapeza zodabwitsa, magulu oyendetsedwa bwino ndiwo anali ndi zolakwa zambiri zolembedwa. Osati kuti ankalakwitsa kwambiri, koma anali omasuka kuulula, pamene magulu a mabwana oopsa ankabisa. Ndiye amai, ngati pa shopu yanu palibe amene amabwera yekha kudzati ndalakwitsa, musasangalale. Zolakwazo zilipo, zangokwiriridwa, mudzazipeza pa stock taking.

Tsopano za kudzipereka kumene mukufunsa. Akatswiri awiri a ku Canada, John Meyer ndi Natalie Allen, mu 1991 anafotokoza kuti anthu amakhala pa nchito pa zifukwa za mitundu itatu, ndipo ine ndikalowa mu shopu iliyonse ndimawaona onse atatu. Pali amene amakhala chifukwa akufuna, malowo amawamva ngati awo, akamakamba amati shopu yathu. Pali amene amakhala chifukwa alibe kopita, nchito ndi yosowa, lendi ku Mchini ikudikira, ana afunika yunifomu, ameneyu amati shopu ya amai aja. Ndiye pali amene amakhala chifukwa cha ngongole ya mumtima, munamuthandiza pa maliro a bambo ake kapena ndi mwana wa achemwali anu, akuona kuti kuchoka ndi kusayamika. Onse atatu m'mawa amafika, mu rejisita amaoneka chimodzimodzi. Koma kafukufuku wa zaka zambiri amaonetsa kuti woyamba uja ndiye amagwira bwino nchito ndi kuchita zoposa zimene anauzidwa, pamene wokhala chifukwa chosowa kopita nchito yake siikwera, nthawi zina imatsika kumene. Kukweza salale kokha nthawi zambiri kumangowonjezera anthu a mtundu wachiwiri, kuchoka kwakhala kodula ndiye akhala, koma mtima ulibe. Otsala anu amene mukuti amagwira ngati akukakamizidwa ndi amenewo. Chimene chimasamutsa munthu kuchoka pa shopu ya amai aja kufika pa shopu yathu ndi pamene nzeru yake yalowa mu kayendetsedwe ka shopuyo, ndipo khomo la zimenezo ndi manejala, osati inu amene mwina mumabwera kawiri pa sabata.

Si maganizo anga okha. Kampani ya Google mu 2008 inayamba kafukufuku wotchedwa Project Oxygen, ena mwa iwo ankaganiza kuti mainjiniya ochenjera safunikira mamanejala nkomwe. Atasanthula anapeza kuti mamanejala ndi ofunika, ndipo pa makhalidwe 8 a manejala wabwino amene anawalemba, loyamba linali kukhala kochi wabwino, pamene ukatswiri wa nchito yeniyeniyo unali kumapeto kwa mndandanda. Izi zikukhudza manejala wanu mwachindunji, poti mwati nchito amaidziwa bwino. Bungwe la Gallup nalonso mu 2015 linanena kuti kusiyana kwa kudzipereka pakati pa magulu a anchito, 70 peresenti kapena kuposa ya kusiyanako kumachokera kwa manejala wa gululo. Inde amenewa ndi maofesi a ku America, si Down Shops, ndipo manambala otere sindingawanyamule mmene alili ndi kuwaika pa shopu ya feteleza. Koma yendani nokha mu tauni muno muone mashopu awiri oyandikana, katundu yemweyo, salale yofanana, kwina anyamata akuthamangira kasitomala, kwina akuyang'ana pa foni. Funsani amene amawayang'anira, mudzapeza nkhani.

Ndiye zimachitika bwanji kwenikweni? Tiyerekeze Loweruka madzulo mwawerenga sitoko, matumba awiri a urea sakuoneka, ndipo si koyamba. Mmene manejala wanu amachitira pano ndikudziwa olo sindinamuone, amaima pakhomo la sitolo ndi kukuwa kuti iwe matumba awiri ali kuti, ndidula pa salale yako. Mnyamata amati sindidziwa bwana, nkhani yatha, sabata yamawa chimodzimodzi. Kochi amachita zina. Amadikira makasitomala apite, amakhala naye pansi pa matumba a D compound, ndi kuyamba ndi kumene akufuna kufika.

"Iwe ukufuna Loweruka likamafika buku lako lizioneka bwanji?"

"Lizigwirizana ndi matumba, bwana."

"Chabwino. Manje masiku amene limasiyana, chimakhala chachitika ndi chiyani? Taganiza sabata ino."

Apa mnyamata adzakhala chete, ndipo apa ndi pamene mamanejala ambiri amagwa, chete wa masekondi 10 amawawotcha ndiye amayankha okha. Dikirani. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kenaka mudzamva, "Lachitatu kunali anthu ambiri... pali aja amalipira m'mawa ndi kunena kuti tibwera ndi ngolo madzulo, ena amatuma mnyamata wa njinga. Akabwera amangoonetsa lisiti ine ndi kupereka, koma pa lisitipo sindilemba kanthu." Mwaona? Vuto latuluka, ndipo mwina si kuba nkomwe, mwina lisiti imodzi inatenga katundu kawiri. Manejala akufunsanso, tingachite chiyani, tchula njira ziwiri kapena zitatu. Mnyamata akuti tizidinda lisiti katundu akatuluka, kapena katundu wolipidwa kale tiziika pa kona yakeyake ndi dzina pa thumba. Funso lomaliza, pa zimenezi uyamba ndi iti, liti, ndipo ine ndikuthandize chiyani? "Ndiyamba Lolemba, mundigulire chidindo." Basi. Mphindi 15.

Mafunso anayi amenewa, ukufuna kufika pati, pano zinthu zili bwanji, njira zilipo ndi ziti, uchita iti ndipo liti, ndi amene azungu amawatcha GROW, njira imene anaitchukitsa John Whitmore wa ku Britain, amene poyamba anali wothamangitsa magalimoto a mpikisano. Dzinalo musavutike nalo. Chofunika ndi chakuti chidindo chija ndi nzeru ya mnyamatayo, ndiye adzachisamala ngati mwana wake, wina akatulutsa thumba osadinda adzakhala woyamba kukwiya. Manejala akanangolamula kuti kuyambira lero muzidinda, pofika sabata yachitatu chidindo chikanakhala chitasowa mu dirowa. Onaninso kuti chimene agwirizana ndi chinthu chooneka, buku ligwirizane ndi matumba Loweruka lililonse. Edwin Locke ndi Gary Latham anafufuza kwa zaka zambiri ndi kupeza kuti cholinga chodziwika bwino komanso chovutirapo chimatulutsa nchito yabwino kuposa kungouza munthu kuti uzilimbikira. Uzilimbikira alibe tsiku, alibe nambala, munthu sangadziwe ngati wafika.

Pali chinthu china chimene ndifuna muchimve bwino chifukwa chimaononga anthu a zolinga zabwino. Si kuuza munthu zolakwa zake kulikonse kumene kumathandiza. Mu 1996 Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anasonkhanitsa kafukufuku wambirimbiri wa nkhani imeneyi ndi kupeza kuti pa maulendo oposa gawo limodzi mwa magawo atatu, kumuuza munthu mmene akugwirira nchito kunachititsa kuti nchito itsike m'malo mokwera. Zimaipa makamaka pamene mawu akuloza munthuyo m'malo moloza nchito. Ndiwe waulesi, ulibe nzeru, anthu a kwanu ndinu otero, amenewo ndi mawu oloza munthu, ndipo mutu wake wonse umapita pa kudziteteza ndi kukusungirani chakukhosi. Koma kunena kuti dzulo ndi lero watsegula 8 koloko m'malo mwa hafu 7 ndipo alimi a ku Chiparamba anadikira panja, chikuchitika ndi chiyani, pamenepo mwaloza chinthu choti akhoza kukonza, ndipo mwina mudzamva kuti mwana ali m'chipatala. Kuyamika nakonso chimodzimodzi, wachita bwino wamba sapita patali, koma ndaona mmene unawafotokozera agogo aja kasakanizidwe ka mankhwala a mbozi mpaka anabwereza okha, ameneyo munthu amapita naye kunyumba.

Chovuta cha kuno kwathu, chimene mabuku a kunja sachikamba, ndi ulemu. Tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndiye manejala akafunsa kuti wamva, yankho ndi inde bwana nthawi zonse, olo munthu sanamve kanthu. Funso loti wamva lichotsedwe, m'malo mwake azinena kuti tandiuza mmene uchitire mawa ukafika. Ndipo masabata oyamba anchito adzadabwa, ena adzaganiza kuti ndi msampha, bwana amene dzulo amakuwa lero akufunsa maganizo anga, afuna andigwire pati? Zimatenga nthawi, mwina miyezi iwiri itatu, ndipo chimene chimatsegula pakamwa pa onse ndi kuona nzeru ya mnzawo mmodzi itagwiritsidwadi nchito ndipo manejala wanena pagulu kuti iyi ndi nzeru ya uje. Ngati pali wanchito wamkulu msinkhu kuposa manejala, coaching ndiye imakwanira bwino kuposa kulamula, poti kufunsa kuti atate, inu mwakhala pano nthawi yaitali, mukuona kuti tichite bwanji, ndi ulemu kale. Kanthu kena kakang'ono, manejala wamwamuna akamakamba ndi mtsikana wa pa kauntala azikhala poonekera, chitseko chotsegula. Chipata ndi yaing'ono, mukudziwa nokha mmene nkhani zimathamangira.

Osandimva molakwa, si zonse zofuna mafunso. Mnyamata amene wayamba dzulo, sadziwa kusiyana kwa mankhwala opha udzu ndi opha tizilombo, ameneyo musamufunse kuti ukuganiza bwanji, muuzeni, muonetseni, aone kawiri katatu, chifukwa akagulitsa botolo lolakwika munda wa munthu upsa. Mu Novembala mvula yagwa, layini yafika panja, si nthawi yokhala pa matumba, pamenepo manejala alamule basi, zokambirana zibwere mutatseka. Ndipo wakuba sachitidwa coaching, imeneyo ndi nkhani ya chilango, mutsate ndondomeko yake, Employment Code Act ya 2019 imafuna kuti munthu apatsidwe mpata wodziyankhira musanamuchotse chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka nchito. Ubwino wake ndi wakuti manejala amene amakhala pansi ndi anthu ake kawirikawiri ndi kulemba pang'ono zimene agwirizana, tsiku loti nkhani yafika ku Labour amakhala ndi poyambira.

Mwina mumtima mukuti, ndikawaphunzitsa kuganiza okha si adzachoka kukatsegula shopu zawo pafupi ndi ine? Ena adzachokadi, sindikunamizani. Koma panopa akuchoka kale, anayi chaka chimodzi, ndipo aliyense wochoka amapita ndi zimene amadziwa, mlimi uti amakonda mbewu yocha msanga, uti amalipira akagulitsa fodya, ndani amabwera kuchokera ku Mwami. Watsopano mumayamba naye pa ziro ndipo sizoni imodzi imatha asanazolowere. Amene wachoka mutamukulitsa nthawi zambiri amakhala kasitomala wanu wa holoselo, amene wachoka mutamutukwana amauza mudzi wonse kuti kumeneko musapiteko.

Mantha aakulu ali kwa manejala wanu, ndipo ndi pamene nchito yanu inu ili. Mwachionekere munamukweza chifukwa anali wogulitsa wabwino komanso wokhulupirika, koma palibe amene anamuphunzitsa kuyendetsa anthu, zimachitika paliponse, mphunzitsi wabwino amapatsidwa uhedi ndi kuyamba kuvutika. Foni imene siipuma ija mwina iye amaikonda mobisa, imamuuza kuti popanda ine pano sipayenda, ndipo akuopa kuti anyamata akadziwa zonse amai adzaona kuti sindifunikanso. Ngati inu mumamuyamika pokhapokha pamene wathetsa vuto yekha, ndiye kuti mukudyetsa khalidwe lomwelo. Ndipo pepani amai, ndifunse, inu mumakamba naye bwanji? Ngati mumamuimbira kasanu pa tsiku ndi kumukalipira pamaso pa anyamata ake, iye akungotsitsa zimene akulandira kuchokera kumwamba. Madzi satsika mosiyana ndi mmene achokera ku phiri. Musamutumize kaye ku kosi, yambani inu kumuchita zimene mukufuna azichita. Mukhale naye pansi, osati ndi mawu oti anthu akuchoka chifukwa cha iwe, koma mumufunse kuti ukufuna shopu ino iziyenda bwanji iwe ukakhala ku Lusaka, ndipo pa mafoni onse amene unalandira ulendo watha, ndi angati amene anyamata akanatha okha? Kenaka khalani chete ngati mdala wanga uja. Mumuuzenso poyera kuti kuyambira pano mudzamuyeza ndi anthu amene wawakulitsa, ndipo ngati mukuganiza zotsegula shopu yachitatu ku Petauke kapena ku Chadiza, adziwe kuti sangapite kukaiyang'anira ngati palibe amene wamukonza kuti atsale pa Down Shops.

Zoti muziona ngati zikuyenda sizifuna kompyuta. Mafoni opita kwa manejala akachokapo akuchepa kapena ayi, anthu ayamba kubweretsa mavuto okha asanakule kapena mukuwapezabe mochedwa, kujomba kwa Lolemba kuli bwanji, kusiyana kwa buku ndi sitoko kuli bwanji, ndipo pofika kumapeto kwa sizoni ndi angati mwa 11 aja amene alipobe. Aliyense azikhala ndi mphindi zake 15 ndi manejala kamodzi pa masabata awiri, a ku Katete asaiwalike, poti shopu yaing'ono ya kutali ndi imene anthu amamva ngati ana amasiye. Muyambe miyezi yopanda phokoso, osadikira Okutobala pamene aliyense mutu uli pa feteleza.

Ulendo wotsatira wa ku Lusaka muuyese motere. Manejala asananyamuke asankhe munthu mmodzi, amuuze pamaso pa anzake kuti nkhani iliyonse yosapitirira K500, kubweza katundu, kuchotsera kasitomala pang'ono, kusintha botolo, aweruze yekha ndi kulemba m'kabuku zimene wachita ndi chifukwa chake. Foni manejala aziyankha pa Nyimba pokha pamene basi yaima anthu akugula nthochi, ndi madzulo akafika. Akabwerako atenge kabuku kaja akhale naye pansi mnyamatayo, adutse mzere ndi mzere, ndipo pamene apeza kuti anaweruza molakwa, mwina anachotsera munthu K80 yosayenera, K80 imeneyo isadulidwe pa salale yake, angomufunsa kuti unaona chiyani pamene unaganiza zimenezi, nanga ikabweranso nkhani yotere udzachita bwanji.